Chidindo cha Mwenesongola

Ana anga, Lusubilo ndi Tumpale, mwakhala mukundifunsa chifukwa chimene tinachokera pa Boma inu mudakali aang'ono, n'kukakhala kutsinde kwa mapiri a Mafinga kumene sukulu inali kutali. Ndinkakuyankhani kuti ntchito ya boma ndi yotero. Sindinaname, koma sindinanene zonse. Tsopano poti ndapuma ntchito, ndatulutsa makope anga m'sutikesi. Ndinayamba kulemba zochitika za tsiku ndi tsiku ndili Fomu 2, aphunzitsi athu atatiuza kuti mutu umaiwala koma pepala siliiwala. Anzanga analeka mwezi usanathe, ine sindinaleke. Zimene ndikulemba pano ndazitenga m'makope amenewo.

Chaka choyamba pa Boma

Ndinayamba ntchito ndili ndi zaka makumi awiri ndi chimodzi. Kope la tsiku limenelo likuti: "Lero ndakhala pampando wa boma. Mulungu andithandize ndisalakwitse kanthu." Anandiika pa tebulo losunga kaundula wa mafumu a midzi ndi makalata awo. Bwana wanga woyamba tinkawatcha a Mawamawa, chifukwa aliyense wofuna thandizo ankamuuza kuti abwere mawa, ngakhale kuti mawalo likafika ankamuthandizadi. Anali a kumwera, ndipo Chitumbuka chawo chinkathera pa "yewo chomene". Zipangizo zinkasowa kwambiri. Riboni ya taipi tinkaitembenuza mpaka zilembo kuoneka ngati mizukwa, kaboni tinkagwiritsa ntchito mpaka kubooka, ndipo envulopu imodzi inkapita ku Misuku ndi kubwerera katatu. Koma a Mawamawa anandiphunzitsa chinthu chimene sichinafune riboni. Tsiku lina anandipeza ndikuwerenga kalata ya mfumu ina, n'kuphimba mawu onse ndi dzanja lawo. "Mwana wanga, mawu aliyense atha kulemba. Uziyamba waona chidindo. Chidindo ndiye nkhope ya mfumu." Kuyambira pamenepo ndinkadziwa zidindo zonse monga mmene mayi amadziwira ana ake. Zambiri zinali ndi dzina la mfumu ndi la boma basi. Chimodzi chokha chinali ndi chithunzi: khasu, ndipo pamwamba pa khasulo mbalame itatambasula mapiko. Chinali cha Mwenesongola, mfumu ya mudzi wa Songola, m'mphepete mwa nkhalango ya Mughese.

Chaka chachinayi, nyengo yozizira

A Mawamawa ananditenga ulendo wokaona midzi ya ku Misuku. Galimoto inatisiya pamsewu, kotsalako tinakwera wapansi, kudutsa m'minda ya khofi ndi nthochi. Mwenesongola anali kamdala kafupi, kosekaseka, ka makutu otambalala. Ankakhala ndi mlongo wawo, a Nasongola, mayi wamtali wolima khofi, amene pakamwa pawo pankaopedwa mudzi wonse. Titalonjerana kuti "mwaghona" ndi kulandira mipando, ndinaona khasu ndi mbalame zija zitasemedwa pachitseko, pampando wa mfumu, ngakhale pa ndodo yawo. Ndinafunsa tanthauzo lake.

"Makolo athu anali osula makasu," anatero Mwenesongola. "Ufumu sanaupeze ndi mkondo ayi. Anthu ankabwera kudzasulitsa makasu, n'kumangokhala, mpaka panakhala mudzi. Mbalameyo ndi nkhulukulu ya m'nkhalangomu. Gogo wathu woyamba anaitsatira mpaka anapeza kasupe amene tikumwa lero."

Anatulutsa m'kathumba ka chikopa khasu lakale lopanda mpini, lakuda bii. Anandifotokozera mwambo wa banja lawo: ufumu umachoka kwa bambo kupita kwa mwana wamwamuna, koma wopereka khasulo m'manja mwa wolowa ufumu ndi mlongo wa mfumu yomwalirayo. Mlongoyo akapanda kupereka, palibe mfumu. A Mawamawa anafunsa za wolowa m'malo. Mdalayo anasiya kuseka. Ana awo aamuna awiri anali atamwalira, wina ali khanda, wina ku migodi, ndipo abale awo sanasiye mwana wamwamuna. "Ine ndikagona, nkhulukulu ibwerera kunkhalango," anatero.

"Mukanakwatira wachiwiri monga ndinkakuuzirani," anatero a Nasongola ali pamoto. "Koma ndani akanalola makutu amenewo kawiri?"

Apa ndi pamene ndinalakwitsa. Inki inali itasowa kalekale, choncho mfumu inkanyowetsa chidindo ndi jivi, mankhwala ofiirira a zilonda aja, amene inkapempha kuchipatala. Jiviyo anali ataumirira m'mizere ya chidindo. Pofuna kuonetsa khama, ndinapempha kuti ndichitsuke. Ndinachitsuka bwino, kenako ndinachiika pa fuwa kuti chiume msanga. Ndinaiwala kuti pansi pake ndi labala. Fungo ndi limene linatidziwitsa. Pochichotsa, phiko lamanzere la mbalame linali litasungunuka. Ndinagwada ndikulira, ndikudziwa kuti ntchito yatha. A Nasongola anagwira m'chiuno: "Sukulu yonseyi, osadziwa kuti moto umaotcha?" Koma Mwenesongola anaseka mpaka kutsokomola. "Isiyeni, mwana wanga. Nayonso yakalamba ngati mwini wake." Anaona kope langa likusuzumira m'chikwama, analitenga, anadinda patsamba la tsikulo, n'kusaina dzina lawo pansi pake. "Kuti usadzaiwale," anatero. Kuyambira tsiku limenelo, kalata iliyonse yochokera ku Songola inkabwera ndi mbalame yofiirira ya phiko limodzi, ndipo nthawi zonse ndikaiona ndinkachita manyazi.

Chaka chakhumi ndi chimodzi, nyengo yothyola khofi

Mwenesongola anamwalira m'chaka changa chakhumi pantchito, ndipo mzere wa Songola m'kaundula unakhala wopanda dzina kwa chaka chathunthu. A Mawamawa anali atapuma. M'malo mwawo munabwera bwana wina amene tinkamutcha a Chipewa, chifukwa sankavula chipewa ngakhale mu ofesi. Inu munali mutabadwa kale, Lusubilo ali Sitandade 1, Tumpale ali kumsana.

Lolemba lina panaima galimoto yoyera. Munatsika bambo wa zaka ngati makumi asanu, wovala suti, dzina lake Gidiyoni. Chichewa chake chinali chosakaniza ndi Chiswahili. Anati ndi mwana wa Mwenesongola, wobadwira kutsidya kwa malire pamene mdalayo ankagwira ntchito kumeneko ali mnyamata. Anali ndi mnzake wamalonda amene sanatsike m'galimoto, koma pa Boma palibe chobisika: tsiku lisanathe, aliyense ankadziwa kuti wamalondayo akufuna mtsetse wonse wa Songola kuti akhazikitse esiteti ya khofi, ndipo chimene chinkasowa ndi mfumu yoti idinde pepala. Pa mtsetse umenewo ndi pamene panali minda ya mabanja onse a mudziwo.

A Chipewa anandiitana n'kundipatsa kalata. Inali yonena kuti Mwenesongola akusiyira ufumu mwana wawo Gidiyoni, ndipo inalembedwa miyezi iwiri mdalayo asanamwalire. Ndinachita monga anandiphunzitsira a Mawamawa: ndinayamba ndaona chidindo. Inki inali yakuda. Mbalame inali ndi mapiko awiri.

"Bwana, chidindo ichi si cha Mwenesongola."

"Mwati chiyani, mayi?"

"Chawo chinapsa phiko zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo. Ndinachiotcha ndine. Makalata onse a m'failo atha kuchitira umboni."

A Chipewa anamwetulira. "Mayi, inu ndinu kalaliki, si woweruza. Loweruka kuli msonkhano ku Songola, mukalemba zokambirana. Lolemba mulemba dzina m'kaundula. Failoyo ndibweretsereni ndiione."

Ndinadziwa chimene chichitike, koma failo ndi ya boma, si yanga. Ndinaipereka. Inabwerera Lachitatu itaonda. Makalata onse a phiko limodzi anali atachoka, munatsala akale okha a mapiko awiri. Nditafunsa, a Chipewa anati: "Chiswe, mayi. Ofesi ino ili ndi chiswe chambiri. Ndiponso ndamva kuti kutsinde kwa Mafinga akusowa kalaliki wakhama ngati inu. Nyumba yake ndi yaudzu, koma mphepo ndi yabwino."

Lachinayi masana, ndikupita kumsika, anandiimitsa a Mwakapala, mkulu wa mpingo wa ku Songola, munthu amene ndinkamulemekeza. Anandikokera pamthunzi. "Amama, tamva kuti mukuvuta. Ifenso tili ndi maso, tikudziwa kuti mwina munthuyu ndi wabodza. Koma tikapanda mfumu, dzina la Songola lifafanizidwa, atiika pansi pa mudzi wa kutsidya la mtsinje, anthu amene makolo awo ankadzapempha makasu kwathu. Walonjeza kuti minda saikhudza. Ingolembani, yayi?"

"Nanga akadinda pepala la esiteti, adada, mukadandaula kwa ndani?"

"Zimenezo n'zamawa. Lero tikufuna dzina lathu likhale."

Izi zinandivuta kuposa mawu a a Chipewa. Ndikanena zoona, ndiye kuti ine ndemwe ndikupha ufumu wa mdala amene anandikhululukira. Ndikakhala chete, dzina likhala koma minda ipita. Bambo anu, Mulungu awasunge, anandiuza Lachisanu m'mawa ndikutsuka mbale: "Amake Lusubilo, sindikuletsa. Koma uyang'ane ana awa kaye, kenako uchite." Ndinakuyang'anani. Tsamba la tsikulo m'kope lili ndi mzere umodzi wokha: "Sindikudziwa." Komabe Loweruka ponyamuka, ndinatenga kope la chaka chachinayi n'kuliika pansi pa chikwama. Ndinadziuza kuti ndangolitenga basi.

Loweruka, ku Songola

Msonkhano unachitikira pabwalo la tchalitchi, dzuwa lili pamutu koma mphepo ikuluma. Anautsogolera ndi nduna ziwiri za mfumu yaikulu ya deralo. A Chipewa anakhala pambali pawo, ine kumapeto kwa tebulo ndi cholembera. Gidiyoni analankhula bwino kwambiri. Anatchula mayina a makolo, anatchula kasupe, analira pang'ono potchula bambo ake. Kenako anatulutsa chidindo m'thumba la jekete n'kunena kuti mdalayo anamupatsa m'manja atadwalika. Anthu anaomba m'manja, a Mwakapala kwambiri.

Nduna yaikulu inaitana a Nasongola kuti apereke khasu. Anabwera ndi ndodo, anali atakalamba ndithu, koma pakamwa panali pomwe paja. "Uyu sindimudziwa. Mchimwene wanga anadwala miyezi inayi ine ndikumutembenuza, uyu sindinamuonepo. Chidindo chenicheni ndi ichi." Anamasula mfundo ya chitenje n'kuchiika patebulo, chofiirira, chopsa mbali imodzi.

Gidiyoni anachinyamula ndi zala ziwiri. "Pole, azakhali. Ichi mwatola kudzala? Mfumu ingadinde ndi chinthu chopsa chotere?" Anthu ena anaseka. A Chipewa anatsegula failo n'kuonetsa nduna makalata akale aja. "Taonani, akuluakulu, zolembedwa za boma. Mapiko awiri, mapiko awiri, mapiko awiri. Amayiwa akalamba, tisawaimbe mlandu." Nduna zinagwedeza mitu. Ina inatembenukira kwa ine: "Kalaliki, lembani kuti chidindo cha bambo Gidiyoni chagwirizana ndi za boma."

A Nasongola anandiyang'ana. Anangondiyang'ana monga anandiyang'anira tsiku la fuwa lija. Dzanja langa linakana kulemba. Ndinaimirira, mawu akutuluka ngati a mwana wa Fomu 2.

"Pepani akuluakulu, sindingalembe zimenezo."

"Khalani pansi, mayi," anatero a Chipewa osakweza mawu.

"Chidindo cha amayiwa ndiye chenicheni. Chinapsa chifukwa cha ine." Ndinatulutsa kope, ndinawerenga tsamba lonse, ndi mawu a a Nasongola omwe onena za sukulu yanga, ndipo pamenepo anthu anaseka ngakhale zinthu zinali zovuta. Ndinaonetsa nduna mbalame ya phiko limodzi ndi siginecha ya mfumu. A Chipewa anati kope la munthu si umboni wa boma, ndipo aliyense atha kudinda tsamba dzulo n'kunena kuti ndi lakale. Nduna zinayang'anizana. Ndinaona kuti ndataya ntchito pachabe.

Kenako mayi wina kumbuyo anatsegula Baibulo lake n'kutulutsa pepala lopindapinda. "Iyi ndi kalata imene mfumu inandilembera mwana wanga atadwala. Taonani mbalameyi." Wina anathamangira kunyumba. Kenako wina. Pasanapite nthawi patebulo panadzaza mapepala ochokera m'Mabaibulo, m'zitini ndi pansi pa mphasa: makalata a malire a minda, a kusukulu, a maliro. Onse a zaka zaposachedwa anali ofiirira, onse a phiko limodzi. Anthuwo ankaiona mbalameyo chaka ndi chaka, koma palibe anaganizapo zowerenga mapiko mpaka tsiku limenelo. Nduna yaikulu inatenga chidindo cha Gidiyoni, inachinunkhiza, n'kunena kuti: "Ichi chikununkha sitolo."

Ndinkaganiza kuti anthu asangalala. Sanasangalale. Nduna inafunsa a Nasongola kuti khasu alipereka kwa ndani. A Mwakapala anagwada pamaso pawo: "Amama, ngakhale mdzukulu wa kuchikazi, tiloleni." A Nasongola anapukusa mutu. "Sindinaupange ndine mwambowu, sindingaukhote ndine. Lero mumafuna kugulitsa minda kuti musunge dzina. Dzina mudya?" Anapempha mpeni, anaika chidindo cha mchimwene wawo chija pa mwala, n'kuchidula pakati. Amayi anayamba kulira ngati pamaliro. Khasu lija analikwirira pamanda a mchimwene wawo madzulo omwewo, anthu onse akuona.

Tikupita kugalimoto, Gidiyoni anandipeza panjira. Ndinaopa, koma sanandiopseze. Anati, akunditchula mlongo m'Chiswahili chake: "Dada, chidindo ndinasemetsa, n'zoona. Ndinatengera pa kalata imene analembera amayi anga kalekale. Koma bambo anali anga." Anatembenuka, ndipo ndinaona makutu ake. Anali otambalala. Ana anga, mpaka lero sindidziwa ngati analidi mwana wa mdala uja. Chimene ndikudziwa n'chakuti kalata inali yabodza, ndipo wamalonda uja sanabwerenso.

Lolemba ndinatsegula kaundula. Pa mzere wa Songola ndinalemba ndi dzanja langa: "Ufumu watha. Palibe wolowa." Patatha masabata atatu ndinalandira kalata yondisamutsa.

Zaka za ku Mafinga, ndi chaka chatha

Zotsalazo mukuzidziwa bwino kuposa ine: nyumba yodontha, mtsinje umene munkawoloka popita kusukulu, chaka chimene Lusubilo anabwereza kalasi chifukwa cha mvula, bambo anu akupalasa njinga Lachisanu lililonse kudzationa mpaka atapeza malo a uphunzitsi pasukulu ya kuderako. Tinakhalako zaka khumi ndi ziwiri. Sindinakwezedwe pantchito mpaka a Chipewa atachoka m'boma lino. Mudzi wa Songola unaikidwadi pansi pa mfumu ya kutsidya la mtsinje, ndipo a Mwakapala anamwalira osandipatsanso moni. Sindiwaimba mlandu. Anataya chinthu chenicheni, ndipo dzanja limene linalemba kutha kwake ndi langa. Nthawi zina Tumpale akadwala ndipo chipatala chili kutali, ndinkadzifunsa ngati ndinali ndi ufulu wokulipiritsani inu pa nkhani ya minda ya eni. Makope a zaka zimenezo ali ndi funso limeneli kambirimbiri, ndipo yankho mulibe.

Chaka chatha ndinapita ku Misuku ku maliro a mnzanga wa kusekondale. Pobwerera ndinadikira minibasi pamsewu wa kumunsi kwa Songola. Mtsetse wonse unali wobiriwira, minda ing'onoing'ono, uwu wa uyu, uwo wa uyo, nthochi m'malire monga kale. Pambali panga panali mayi wachitsikana atakhalira matumba a khofi. Pa thumba lililonse anajambulapo ndi utoto wofiirira chizindikiro choti matumba a mudzi wawo asasokonezeke ndi a ena: khasu, ndi mbalame pamwamba pake.

"Mwaghona, amama," ndinatero. "Mbalame yanuyi bwanji ili ndi phiko limodzi?"

"Ndi mmene imakhalira ya kwathu," anayankha. "Akuti kunabwera kalaliki wina wopusa wa pa Boma, anaiyanika pamoto."

"Enya," ndinavomereza, "anali wopusa ndithu."

Minibasi itafika ndinamuthandiza kukweza matumba, ndipo anati "ndagha" osadziwa amene akumuthokoza. Kope la chaka chachinayi lili pansi penipeni pa sutikesi, lokutidwa ndi pulasitiki. Mukadzagawana katundu wanga, limenelo musaliike pafupi ndi moto.